Pedulo Pansi pa Mkeka

"Mukadina apa, chinacho chiyamba chokha. Onani manja anga, sindinachigwire."

Mawu amenewa mwini wake ndi Mizeck Longwe, koma pofika mwezi wa Juni sanalinso ake. Makondakitala pa siteji ya Chintheche ankawanena minibasi ikalira yosakankha, manja ali m'mwamba ngati agwidwa ndi apolisi. Amayi a usipa ankawanena mwana wina akayamba kulira chifukwa choti mnzake walira. Mavuto, bambo wa ku Mulanje amene amameta anthu kuseri kwa msika, ankachita kuwonjezera nkhope: kukweza nsidze, kutsitsa mlomo, n'kuyankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga uthenga wa maliro. Ndi mmene Mizeck amayankhuliradi.

Mizeck sankakwiya. Ankati akumulengezera bizinesi.

Ndi munthu wamtali, woonda, wosaseka msanga. Ukamuuza nthabwala amadikira umalize, kenako amafunsa kuti, "Ndiye zinatha bwanji?" Anabadwira ku Mpamba. Kiyibodi anaiphunzira kutchalitchi posuzumira paphewa la mwana wa abusa, ndipo kunyumba ankayeserera pa thabwa lojambulidwa mizere ndi makala. Atakula anakagwira ntchito ku esiteti ya labala zaka zisanu ndi chimodzi: kucheka khungwa, kukoloweka kakapu, kupita pamtengo wina, kucheka, kukoloweka, mpaka dzuwa kufika pamutu. Mpaka lero akaima pafupi ndi mtengo uliwonse, ngakhale wa mango, amauyang'ana cham'mbali ngati akusaka pocheka.

Ntchitoyo anaisiya mkulu wake atamutumizira laputopu kuchokera ku Joni. Anapeza kachipinda kuseri kwa babashopu ya Mavuto, n'kumata matileyi a mazira khoma lonse, bulangete pachitseko, sola padenga. Kunja analemba kuti situdiyo. Lamulo la situdiyoyo linali limodzi: Mavuto akayatsa makina ometera, kujambula kuyime, chifukwa nyimbo iliyonse inkatuluka ndi njuchi mkati.

Tsono nkhani ya "chiyamba chokha" ili motere. Kiyibodi ya Mizeck ili ndi ng'oma zake m'kati. Pulogalamu yojambulira ya mu laputopu nayo ili ndi wotchi yake yowerengera nyimbo. Poyamba ankadina zonse ziwiri nthawi imodzi, chala ichi apa, chala icho apo. Zinkanyamukadi limodzi bwinobwino, koma pofika ndime yachiwiri ng'oma zinali zitafika ku Kande, gitala adakali pa Bandawe. Munthu wina wa ku Mzuzu anamugulitsa kebulo wa midi, uja wa mitu iwiri ya mano asanuasanu. Mizeck analowetsa mutu wolembedwa kuti wolowa pabowo lolembedwa kuti lolowa, monga angachitire munthu aliyense woganiza bwino. Sizinagwire. Anakhala masabata atatu akupukuta mano a kebuloyo ndi mswachi. Tsiku lina Mavuto akusesa anapunthwa pa kebulo n'kuuzula, ndiye poopa kukalipiridwa anaubwezera mofulumira, mosemphanitsa. Mizeck atabwera n'kudina pa laputopu, kiyibodi inangoyamba yokha. Anaiuza kiyibodi kuti isiye kumvera wotchi yake, izimvera ya laputopu, basi kuyambira tsiku limenelo ziwirizo zinkayenda ngati asilikali. Aliyense wodutsa, ngakhale wongofunsa njira ya kuchipatala, ankalowetsedwa kuti aone.

Amene sanalowe ndi apongozi ake.

ANyaChirwa, mayi ake a mkazi wake Lydia, ndi amene amatsogolera kwaya ya amayi a Umanyano kutchalitchi kwawo. Iwo za situdiyo anali ndi mawu amodzi okha, akuti bambo wa ana awiri wasiya ntchito kuti azisewera ndi wailesi. Kapitawo wa ku esiteti anali atatumiza uthenga kuti malo a Mizeck akadalipo bola ayankhe Julaye asanathe, ndipo uthengawo, mwatsoka, unadzera kwa aNyaChirwa. Panakhala kamsonkhano pakhonde. Chigamulo chinali chakuti amayi a kwaya abwera kudzajambula nyimbo imodzi. Ikatuluka yoti munthu n'kuiliza pamaso pa madoda, akuluakulu a mpingo, osagwetsa nkhope, nkhani ya esiteti ithere pomwepo. Ikapanda kutero, Lolemba loyamba la Ogasiti Mizeck akwera lori ndi mpeni wake.

Mizeck anavomera akuyang'ana mtondo umene unali pakona pa khonde.

Apa mumvetse. Mizeck analeredwa mwachikale. Zaka zisanu ndi ziwiri ali pabanja, nkhope ya apongozi ake anali asanaiyang'anepo maso ndi maso. Akakumana panjira iye ankapatukira m'munda wa chinangwa n'kupereka moni ali m'masamba. Mawu onse ankadzera mwa Lydia, ngakhale atakhala atatu pamalo amodzi. Apongoziwo ankawadziwa mawu ndi nsapato basi: zakuda, zosatalika chidendene, zopukutidwa bwino.

Lachinayi masana anafika amayi khumi ndi anayi, mabulauzi oyera, maduku oyera. Kachipindako kamalowa anthu asanu, akakhala oonda. Anachotsa bulangete, anatsegula chitseko, ena anaima mu babashopu. Mayi wina wa besi anakhala pampando wometera n'kumadzizungulitsa pang'onopang'ono. Mavuto anauza kasitomala amene anali atametedwa mbali imodzi kuti akayende kaye kumsika.

Mizeck anali atakonzeratu. Tebulo lake analitembenuzira pakona, kuti apongozi akaima pa maikolofoni iye akhale atawapatsa msana waulemu.

"Uwauze ama kuti ng'oma zikagunda kanayi, ayambe," anatero kwa Lydia.

"Ama, akuti zikagunda kanayi muyambe."

"Ndamva. Ndili pompano."

Anadina. Kiyibodi inayamba yokha. Palibe anaombera m'manja. Ng'oma zinagunda kanayi, kasanu, kasanu ndi kawiri, ndiye aNyaChirwa anakonza duku, anatsokomola, n'kuyamba.

Mawu alipo, zimenezo palibe angatsutse. Koma aNyaChirwa amayimba ngati mmene ankayimbira amayi awo. Mzere wonena za ulendo amauyenda mwachangu. Akafika pa mawu a chisoni amachedwa, kuti munthu amve kaye chisonicho. Akaona kuti kumwamba kwayandikira amathamanga. Amayi khumi ndi atatu aja amadziwa zonsezi, amakhota nawo limodzi ngati usipa m'madzi. Makina okha ndi amene sankadziwa. Ndime yoyamba isanathe, ng'oma zinali zitamaliza n'kuyamba yachiwiri.

ANyaChirwa anakweza dzanja, kwaya inaima. Mizeck dzanjalo sanalione, poti anali kuyang'ana khoma, ndiye ng'oma zinapitiriza zokha kwa kanthawi, zosangalala.

"Lydia. Uwafunse a Longwe kuti ng'oma zawozi zikuthamangira kuti. Zasiya mwana pamoto?"

Mizeck anachepetsa liwiro. Anayambanso. Ulendo uno pa chisoni zinagwirizana, koma pothamangira kumwamba amayi anafika okha.

"Tsopano zadwala," anatero aNyaChirwa.

Anakweza pang'ono. Anatsitsa pang'ono. Kasanu ndi katatu. Mabulauzi anayamba kumata kumsana. Mayi wa pampando wometera anagona. Mavuto analowa chokwawa pakati pa masiketi n'kunong'oneza:

"Amwene, tangowauzani kuti akuphonya ndi iwowo. Makina sanama."

"Ukawauze iwe. Kwanu n'kutali, uli ndi kothawira."

Mizeck anayesa njira ina. Anauza Lydia kuti mwina ng'oma azizimitse, ajambule mawu okha.

"Ngati n'kuyimba kopanda ng'oma tabweriranji m'kabokosi muno?" anayankha aNyaChirwa, osadikira Lydia. "Kutchalitchi kuli mabenchi ndi mphepo yabwino. Anzathu a kutsidya kwa mtsinje nyimbo yawo ikulira pa wailesi ndi ng'oma zake. Ife tikhale amasiye?"

Anatola zikwama. Pakhomo anauza Lydia kuti abweranso Lachinayi linalo, ndipo limenelo ndi lomaliza m'mwezi wa Julaye, a Longwe aone okha pa kalendala.

Mawa lake Mizeck anakhala ndi mahedifoni kumvetsera zonse zisanu ndi zitatu zimene zinalephereka. Anamva chinthu chimene sanachiike iye. Pansi pa mawu, pansi pa ng'oma, panali kaphokoso: du, du, du. Anasintha kebulo wa maikolofoni. Anayang'ana batire. Anapita kukagwedeza mpando wa Mavuto n'kunena kuti ndi umenewu, Mavuto n'kunena kuti mpandowo unachokera ku Limbe ndipo sunayambe wayimbapo nyimbo ya Umanyano. Lydia atabwera ndi chakudya anamuveka mahedifoniwo.

Lydia anamvetsera pang'ono n'kuwavula.

"Chidendene cha ama icho."

"Chidendene?"

"Amaponda akamayimba. Chikhalire. Kutchalitchi pamalo pawo simenti inakumbika, simunaonepo? Inu si ndinu mumangoyang'ana pansi?"

"Ndimayang'ana nsapato zikaima. Zikayamba kuyimba ndimatseka maso."

Anabwezanso nyimboyo. Pa ulendo, du du du mwachangu. Pa chisoni, du, kenako kudikira, du. Kwaya yonse inali pa chidendene chimenecho, osaphonya ngakhale kamodzi. Mizeck anaibwezabweza nyimboyo mpaka chakudya chinazizira. Lydia anati ngati sakudya anene, ana akudikira mbale.

Mu pulogalamu muja muli kabatani koti ukamakagogoda ndi chala, makina amatenga liwiro la chala chakocho. Mizeck ankakadziwa koma ankakaona ngati ka anthu aulesi. Ndipo kiyibodi ili ndi pedulo yake, kachitsulo kakuda kopondera, ka chingwe chachitali. Iye anaganiza kuti: pedulo iuze kiyibodi, kiyibodi iuze laputopu kudzera pa kebulo uja, laputopu isinthe wotchi yake n'kubwezera ng'oma. Zinamutengera masiku atatu kuti kabataniko kamve pedulo. Poyeserera pankafunika apongozi, ndiye Mavuto anamanga thaulo lometera kumutu, anatulutsa chifuwa, n'kumaponda akuyimba ndi mawu aang'ono.

"Lydia, uwauze a Longwe kuti ng'oma zawo zachira," anatero Mavuto, akutsanzira aNyaChirwa.

"Ponda bwino. Iwo saponda ngati akupha mphemvu," anatero Mizeck.

Zinagwira. Mavuto akachedwa, ng'oma zinkachedwa. Akathamanga, zinkamutsata.

Panatsala vuto limodzi. Mkamwini sangauze apongozi ake kuti imani apa, pondani ichi. Kumeneko n'kuwatuma. Mizeck anaganiza usana wonse, ndipo nzeru imene anapeza inali yakuti asawauze n'komwe. Anabwereka mkeka watsopano, anaika pedulo pansi pake kumanja kwa maikolofoni, chingwe anachidutsitsa m'mbali mwa khoma n'kuchiphimba ndi katoni. Lydia anati sakuikonda nzeruyo. Mizeck anati ndi ulemu.

Lachinayi amayi anafika. ANyaChirwa anayamikira mkekawo, anaima pa maikolofoni, n'kusuntha phazi.

"Pali mwala apa."

Anasunthira kumanzere. Lydia anagwada n'kukokera mkeka ndi pedulo yake kumanzere, akunamizira kuwongola. ANyaChirwa anamuyang'ana mwana wawo. Anasunthira kumanja. Lydia anagwadanso.

"Iwe, ukunditsata ndi chiyani?"

ANyaChirwa anakola mkekawo ndi nsonga ya nsapato n'kuupindula.

Tsono taganizani. Chinthu chakuda, chokhala ndi mchira wautali wolowa kuseri kwa katoni, chobisidwa pansi pa mkeka, pamalo penipeni poti aime apongozi amene akufuna kukubwezera ku esiteti. Amayi amene anali kutsogolo anabwerera m'mbuyo, a m'mbuyo anatulukira mu babashopu. Wa pampando wometera anakweza miyendo yonse iwiri. Mayi wina anayamba pemphero, lija lofulumira. Wina anati iye anaona kale kuti mwana wa ku Mpamba uyu saseka, ndipo munthu wosaseka amakhala ndi chifukwa. Mavuto, amene akanatha kufotokoza zonse, anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi kasitomala kumsika.

ANyaChirwa okha sanasunthe.

"Lydia, uwafunse a Longwe kuti ichi n'chiyani."

Lydia anatembenukira kwa mwamuna wake. Mizeck anaona kuti apa lori ya Lolemba ndi nkhani yaing'ono, pofika madzulo nkhaniyi ikhala ili kwa madoda. Anatsika pampando, ananjuta, nkhope idakali kukhoma, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zisanu ndi ziwiri anayankhula ndi apongozi ake popanda wodutsira.

"Ama, ndi pedulo ya kiyibodi. Makinawa alibe nzeru. Sadziwa poyenera kuchedwa ndi poyenera kufulumira. Mumadziwa ndinu. Mukaponda pamenepo, amva inu."

Khoma linamva bwino kwambiri. Ena onse anamvanso.

"Ndiye munabisiranji?"

"Ndimaopa kukutumani ntchito, ama."

Pemphero lija linathera panjira. ANyaChirwa anachiyang'ana chinthucho, anachigunda pang'ono ndi nsapato ngati mmene munthu amaonera ngati nkhanu yafa.

"Yatsani."

Mizeck anakwawira pampando n'kudina. Ng'oma zinayamba. ANyaChirwa anaika chidendene. Du, du, du, du. Ng'oma zinatsika n'kufanana nawo. Anachedwetsa dala mpaka ng'oma zinkachita ngati zikukwera phiri la Usisya ndi thumba la ufa. Kenako anafulumiza, anafulumizanso, ng'oma n'kumathamanga pambuyo pawo, mabelu ndi zonse. Anaima. Nkhope yawo, akutero amene anaiona, sinasinthe ngakhale pang'ono.

"Zimamva," anatero. "Amayi, bwererani m'malo. Agness, tsitsa miyendo, si nyanja ino."

Anajambula kawiri kokha. Koyamba kanawonongeka chifukwa amayi ankangoyang'ana phazi m'malo moyimba. Kachiwiri kanayenda. Pa ulendo ng'oma zinayenda nawo, pa chisoni zinadikira, kumwamba anakafika onse pamodzi. Pa mawu omaliza, pamene aNyaChirwa amakoka mpaka atakhutira okha, phazi limaima koma makina sadziwa kuima, ndiye Lydia anamutsina Mizeck paphewa, iye n'kuzimitsa ng'oma. Anamutsina kwambiri kuposa mmene zinkafunikira. Akuti zinali za mkeka uja.

Atailiza pa sipika, amayi anayamba kuseka, kugwirana, aliyense kusaka mawu ake. Mavuto anatulukira ali ndi chinangwa chootcha m'manja n'kunena kuti iye ankadziwa kuyambira kale. Anthu a kumsika anadzaza pawindo. ANyaChirwa anamvetsera yonse manja ali pamimba. Itatha anati Agness akumveka kwambiri ngati nyimboyo ndi ya kwawo. Za Mizeck sananene kanthu. Za madoda sananene kanthu. Za esiteti sananene kanthu.

Mizeck anadikira, akuyang'ana tileyi ya mazira imene inali patsogolo pake. Anawerenga mabowo ake onse. Kumbuyo kwake anamva katoni ikusuntha, kenako kiyibodi inagwedera pang'ono. Apongozi anali atazula pedulo. Anakulunga chingwe chake bwinobwino kuzungulira dzanja, n'kuiika m'chikwama pamodzi ndi Baibulo ndi buku la nyimbo.

"Lydia, uwauze a Longwe kuti ichi ndisunga ine. Ana a kwaya ya achinyamata aja amabwera muno ndi matope, angachiwononge. Tibwera nacho Lachinayi. Nyimbo tili nazo khumi ndi ziwiri, iyi inali yongoyesera."

"Akuti asunga iwo," anatero Lydia.

"Yewu, ama," anatero Mizeck, kuuza khoma.

Chichokereni tsiku limenelo kiyibodi ya Mizeck imakhala ndi pedulo tsiku limodzi pa sabata. Masiku enawo anyamata a dansi akabwera kudzajambula amadandaula kuti piyano ikumveka youma, mawu ake akuduka msanga. Iye amawauza kuti ndi sitayilo yatsopano ya ku Joni. Kugula pedulo ina akuti sangayerekeze, chifukwa apongozi akadzaiona adzafunsa kuti ya ndani, ndipo ndani winanso akuponda muno. Panjira akakumana nawo amapatukirabe m'chinangwa. Kungoti masiku ano aNyaChirwa amaima n'kufunsa masambawo ngati batire ili ndi moto wokwanira Lachinayi.

Lolemba loyamba la Ogasiti lija m'mawa, Mizeck anali pakhomo pa babashopu akupukuta sola imene anaitsitsa padenga. Lori ya ku esiteti inaima pamsewu kutenga anthu, n'kuliza hutala kawiri. Mavuto anasiya mutu wa munthu pakati, anatuluka ndi chipeso m'manja.

"Amwene, galimoto yanu ija. Ndiiyimitse, kapena mukapemphe kaye chilolezo kwa eni ake a pedulo?"

Mizeck anaiyang'ana loriyo, anapukutanso pakona pa sola pamene panatsala fumbi.

"Isiye ipite. Ine ndinalembedwa kale ntchito, kapitawo wanga amabwera Lachinayi."